Kutsogolo kunali msana wa a Namakhwa

Loweruka lapitali ndinalembedwa ntchito ya thumba la chimanga.

Musaseke. Ndi ntchito yofuna mwambo: kukhala phee pa kaliyala wa njinga, osalankhula, osagwedezeka, osakuwa ngakhale ukuona mpanda wa sukulu ukubwera kudzakupatsa moni. Zonsezi ndinalephera, koma tifikako.

Amene anandilemba ntchitoyi ndi aneba anga kuno ku Chilomoni, mayi Namakhwa, amene tonse timangoti amake Dorofe. Ndi mayi wa zidzukulu, imvi zayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Anandipeza Lachisanu ndikuyanika zovala, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati munthu wogula mbuzi.

"Anzanga, inu ndi abambo a kwathu sikelo yake ndi imodzimodzi," anatero. "Mawa musachoke."

Kodi mkazi mnzako akakuuza kuti ukulemera ngati mwamuna wake, umathokoza kapena umakwiya? Ine ndinangoti chabwino.

Nkhani yake ili motere. Loweruka lililonse m'mawa, pa bwalo la mpira la sukulu ina kuno kwathu, pamasonkhana kagulu ka anthu ophunzitsana njinga. Palibe chikwangwani, palibe matisheti, palibe alawansi, ndiye mwina n'chifukwa chake simunamvepo. Anayambitsa ndi mlangizi wina wa zaumoyo, Anti Halima, amene amazungulira m'makwalala athu pa njinga kukayeza ana sikelo, mothandizana ndi madala awiri okonza njinga pamsika. Anatolera njinga zimene zinkachita dzimbiri kuseri kwa nyumba za anthu, kuzikonza, n'kulengezetsa kutchalitchi ndi kumzikiti kuti wofuna kuphunzira abwere, amene anasiya kalekale nayenso abwere.

Anthu amabweradi. Kuli azibambo a mimba amene adokotala awaopseza, atsikana ovala mahijabu, amayi a mvano amene amavala thalauzi mkati mwa chitenje n'kumayang'anayang'ana ngati abusa akudutsa. Ine anandipititsako ndi mawondo. Njinga ndinaphunzira ndili mtsikana kwathu ku Thyolo, ya amalume, mwendo ndikulowetsa pansi pa chitsulo chapakati. Nditabwera m'tauni n'kuyamba ntchito ya mu ofesi, ndinaisiya monga mmene tinasiyira kuyenda opanda nsapato.

Amake Dorofe sanabwerere mawondo. Anabwerera amuna awo.

A Namakhwa anali kalipentala ku Chirimba. Aliyense wokhalitsa kuno amaikumbukira njinga yawo yakuda, yaitali, ya belu limene unkalimva usanaione. Chikwatiranire, kulikonse kumene banjalo linkapita, linkapita pa njingayo: bambo kutsogolo, mayi pa kaliyala atakhala chammbali monga mkazi waulemu, miyendo yonse kumanzere, mwana kumsana. Kutchalitchi, kuchigayo, kumaliro ku Mbayani, kulikonse. Kenako matenda a shuga anawalowa m'maso. Poyamba ankati akuona ngati kunja kuli nkhungu, ndipo nkhunguyo inakana kuchoka. Pano amangosiyanitsa usana ndi usiku.

Chiyambireni a Namakhwa satuluka pageti, kupatula tsiku la kuchipatala, pamene mwana wawo Dorofe amabwera ndi galimoto yahayala n'kuwalowetsamo msangamsanga ngati katundu wozembetsa. Akuti iwo sangayende mogwiridwa dzanja mu msewu umene ankaimbamo belu anthu n'kumapatuka. Kabaza amakana, akuti anyamata ake amathamanga ngati aba. Amangokhala pakhonde, nkhope ataitembenuzira kumene kuli dzuwa, ndipo munthu uja akutha ife tikuona. Mwezi wathawu anatumiza uthenga kwa mphwawo ku Phalombe kuti adzatenge njinga, isawolere m'nyumba. Mphwawoyo anayankha kuti adzabwera pakatha mwezi, ndilo Lamulungu lapitali.

"Njinga imene ija ikangotuluka pageti, chotsatira kutuluka ndi bokosi," anandiuza amake Dorofe tsiku lina tikuchokera kubwalo kuja. "Ndimawadziwa ine. Munthu akayamba kugawa zinthu zake ndiye kuti akutsanzika."

Nzeru yawo inali yakuti munthu wokhala pa kaliyala palibe amadziwa ngati akuona kapena sakuona. Sagwiridwa dzanja, sagwira ndodo. Amangokhala ngati bwana, mphepo ikumuwomba. Ndiye anaganiza zophunzira njinga mwakachetechete, kuti adzawanyamule amuna awo mphwawo asanaitenge.

Kupalasa sikunawavute. Miyendo ya mayi amene wakwera mitunda ya Chilomoni ndi ndowa pamutu siisowa mphamvu. Chimene chinkatizunguza mutu n'chakuti akangoyenda pang'ono, njinga inkakhotera kumanzere n'kukathera mu mpanda wa sukulu. Ulendo uliwonse kumanzere. Madala okonza njinga aja anayang'ana mahandulo, anayang'ana foloko, vuto osalipeza. Anawapatsa njinga ina, nayonso inalunjika mpanda womwewo ngati kuli abale ake.

Tsiku lina Anti Halima anasiya kugwira chishalo kumbuyo, n'kukaima kutsogolo kuti aone nkhope yawo akamapalasa.

"Amayi, inu mukuyang'ana kuti?"

"Kumene ndimayang'ana nthawi zonse."

"Kumbali? Msewu uli kutsogolotu!"

Amake Dorofe anatsika, n'kudzisasa fumbi m'chitenje. "Mwana wanga, ine pa njinga ndakhalapo kuyambira ndili mtsikana, koma msewu sindinauonepo. Popita ndinkaona mbali iyi, pobwera mbali inayo. Kutsogolo kunali msana wa abambo ake Dorofe."

Tonse tinaseka, koma ine ndinaleka msanga.

Taganizani. Mayi ameneyu amadziwa mpanda uliwonse kuchoka kuno mpaka ku Chirimba, nyumba imene inapakidwa penti chaka chiti, golosale imene inali telala kale. Amadziwa msana wa malaya aliwonse a amuna ake, pamene thukuta limayambira akafika pamtunda. Koma mmene msewu umaonekera ukamabwera kwa iwe, ukutseguka, sanaonepo. Khosi linazolowera, ndipo njinga inkangotsatira khosilo.

Anti Halima anavula mpango wawo wofiira wa m'khosi n'kuumangirira pa golo. "Njinga imapita kumene maso apita. Yang'anani mpango uwo basi, zina zonse zisiyeni." Zinatenga ma Loweruka angapo, ndi zigongono zonyuka, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene anafika pa golo osakhota, amayi a mvano anaimba nthungululu mpaka alonda a pasukulu anabwera kudzafunsa ngati kuli chinkhoswe.

Ndakhala ndikuganiza za khosi limenelo sabata yonseyi. Kodi si tonse m'tauni muno amene timayenda chammbali? Mu minibasi timakhala mothithikana, nkhope pa windo la m'mbali, kuona masitolo akudutsa, kutsogolo kuli mutu wa mnzathu ndi msana wa kondakitala. Timadikira pa siteji mpaka miyendo kuuma, pa ulendo umene njinga ikanatifikitsa tisanamalize kudandaula. Mafuta akasowa timayenda wapansi, thukuta kamukamu, pamene kuseri kwa nyumba kuli njinga imene nkhuku zasandutsa chogonapo.

Chimatiletsa n'chiyani? Mitunda? Mitunda iliponso ku Thyolo, ndipo kumeneko anthu amapalasa. Chimatiletsa ndi pakamwa pa anzathu. M'Blantyre muno bambo wa tayi akaoneka pa njinga, madzulo ake nkhani yafika kale kwa apongozi kuti ntchito yatha. Njinga tinaisiyira wa makala ndi wa kabaza, ndipo ngakhale iwowo timawaimbira hutala ngati alowa m'munda mwathu. Atsikana ndiye tinawaopseza kalekale kuti njinga imawononga mwana wamkazi, sadzabereka. Ine ndinapalasa ya amalume mpaka tcheni kuduka, ndipo ana anga alipo, amadya ngati dzombe.

Sindikunena kuti misewu yathu ndi yabwino. Amene anaikonza anaiwala kuti pali anthu oyenda pa matayala awiri, ndipo m'mbali mwake muli ngalande zotsegula kukamwa. Anti Halima sawalola ophunzira ake kulowa mu msewu waukulu, amawadutsitsa m'tinjira ta m'kati, m'mawa magalimoto asanachuluke. Koma kodi a khonsolo adzatipatulira bwanji kanjira ka njinga ngati eni akefe tikuchita nayo manyazi?

Tibwerere ku thumba lija.

Loweruka m'mawa amake Dorofe anatulutsa njinga yakuda ija m'nyumba. Amuna awo anawauza kuti akukaikonzetsa pamsika kuti mphwawo isakamuvute panjira. Kubwalo, madala aja anatsitsa chishalo, kuthira oyilo mu tcheni, kupopa matayala, ndi kupukuta belu mpaka linayamba kuwala. M'masabata a m'mbuyomu mayiwa anali ataphunzira kale kunyamula thumba lenileni la chimanga, koma Anti Halima anati thumba silipuma, silichita mantha, silitsokomola. Pamafunika munthu.

Ndinakwera n'kukhala chammbali, monga mmene amayi anga anandiphunzitsira.

"Iyayi, anti," anatero Anti Halima. "A Namakhwa sadzakhala choncho. Khalani chachimuna."

Ndinakhala pa kaliyala mwendo uku mwendo uku, ulemu wanga wonse ndikuusiya pa udzu. Kuzungulira koyamba ndinakuwa. Kwachiwiri ndinaitana Yesu, ndipo Anti Halima anandiyankha kuti nawonso akundipempherera kwawoko. Kenako ndinangozindikira kuti ndasiya kukuwa, ndipo gulu lonse likutuluka pageti ya sukulu, mmodzi pambuyo pa mnzake, kulowera kanjira kafumbi kopita chakuphiri.

Kunali nkhungu m'mawa umenewo, ija ya miyezi yozizira, imene imatsika ku Michiru n'kudzagona m'madenga mwathu. Njinga za anzathu zinkalowa mu nkhungumo n'kusowa, kungotsala kulira kwa tcheni ndi kabelu kena patali. Tinadutsa mayi wokazinga mandasi, fungo n'kutiperekeza kamtunda ndithu. Tinadutsa tambala ataima pa mulu wa njerwa, wailesi ya m'nyumba ina ikuimba nyimbo ya kwaya, mwana akutsuka m'kamwa pakhomo. Palibe chimene chinkathamanga. Zinthu zinkangotulukira, kutiyang'ana, n'kubwerera mu nkhungu.

Ndipo kutsogolo kwanga kunali msana wa amake Dorofe, juzi yobiriwira yotha m'mapewa. Ndinakumbuka msana wa bambo anga tikupita kuchipatala cha mishoni ndili ndi malungo, mmene ndinkamvera mawu awo akutuluka m'nthiti ndikatsamiritsa khutu. Bambo anga anapita kalekale, ndipo ndinali nditaiwala zoti munthu ungathe kumumva ndi tsaya. Ndinawasowa kwambiri m'mawa umenewo, pa kaliyala wa eni ake, mpaka misozi inalengeza.

Titafika pa kamtsetse, amake Dorofe anasiya kupalasa, njinga n'kumayenda yokha. Ndinamva msana uja ukugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, kuseka kwa kamtsikana kamene kaba mango.

Lamulungu m'mawa anandiitana kuti ndikakhale mboni. Ndinapeza mphwawo wa ku Phalombe atafika kale, bambo wamtali, chingwe cha mphira chomangira katundu chili m'manja. Njinga inali itatsamira khoma la khonde. A Namakhwa anapempha kuti aigwireko komaliza. Anayendetsa manja pa mahandulo, pa belu, pa chitsulo chapakati, ndipo atafika pa chishalo manja aja anaima.

"Chishalochi watsitsa ndani? Mphwangayu ndi wamtali kuposa ine."

"Ndatsitsitsa ndine," anayankha amake Dorofe. "Ndi msinkhu wanga umenewo."

Mphwawo anayang'ana ine, ine ndinayang'ana nkhuku.

"Ndiye n'chifukwa chake Loweruka lililonse mumabwera mukununkha mankhwala opaka," anatero a Namakhwa. "Ine kumati ndi nyamakazi."

"Ndikufuna ndikunyamuleni, abambo ake Dorofe. Mukhale kumbuyoku."

"Mukufuna Chilomoni yense aseke? Azinena kuti Namakhwa watha, akuberekedwa ndi mkazi?"

"Inu munandibereka pa njinga imeneyi moyo wanga wonse. Anaseka ndani?"

Apa ndinaona kuti mboni iyenera kugwira ntchito yake. Ndinati, "Bambo, ine andinyamula dzulo, ndipo ndili moyo."

"Ndamva," anatero. "Akuti kukuwa kwanu kunamveka mpaka ku Sigerege."

Anakhala chiimire, dzanja lili pa chishalo. Ine ndinkadziwa kuti akangoti ayi, chingwe cha mphira chija chigwira ntchito yake, ndipo bambowa abwerera pa mpando wawo wa pakhonde osadzadzukanso. Kenako anapempha chipewa chawo.

"Tingofika pa mphambano n'kubwerera," anatero. "Ndipo mukandigwetsa, iwe mphwanga utenge njingayi ndi alamu ako omwe."

Anakwera mosavuta, thupi likukumbuka lokha. Ine ndinabwereka njinga ya mwana wanga n'kumawatsatira pambuyo. Poyambira njinga inagwedezeka, kukhotera kumanzere pang'ono, ndipo ndinaona khosi la amake Dorofe likulimbana ndi chizolowezi chake. Linawongoka.

Sitinapite patali a Namakhwa asanayambe kulamula. "Apa pali bampu, chepetsani. Mukadutsa mpope pali mchenga, musagwire buleki yakutsogolo." Msewu wonse unali m'mutu mwawo. Pena ankalakwitsa. "Apa pali mtengo wa mango, pitani kumthunzi." Amake Dorofe anayankha kuti mtengowo anadula, pali shopu ya mafoni. Bambowo anangoti, "Ooh."

Anthu anayang'anadi, ndisakunamizeni. Anthu opita kutchalitchi anaima, Mabaibulo ali m'khwapa. Pa malo ometera tsitsi anyamata anatuluka, mmodzi n'kukuwa kuti, "Madala, mwapeza kabaza wa ulele!" Ndinaona mapewa a a Namakhwa akuuma. Kenako anaweramira kutsogolo.

"Amake Dorofe, imbani belu."

Belu lija linalira mu msewu wathu koyamba chidwalireni mwini wake. Mayi wina wogulitsa tomato anadzuka pa mpando wake n'kukuwa kuti, "A Namakhwa! Mwadzuka bwanji, bambo?" Iwo anakweza chipewa ngati phungu.

Pa mphambano sanabwerere. Anakwera kamtunda kotsatira, amake Dorofe akupuma mwamphamvu, amuna awo akuwauza kuti aimirire pa mapedulo, mpaka anafika pamwamba pamene msewu umayamba kutsetsereka. Nkhungu inali itayamba kunyamuka. Michiru anaonekera yense, madenga a malata akuphanima m'munsi mwake, utsi wa mbaula ukukwera mowongoka, msewu wofiira ukutsika pakati pa nyumba. Amake Dorofe anaponda pansi, osatembenuka.

"Abambo ake Dorofe, zonsezi munkaziona nokha zaka zonsezi, osandiuzako?"

Bambowo anatsamiritsa tsaya pa juzi yobiriwira ija, chipewa n'kupendekeka.

"Ndinalakwa," anatero. "Ndiuzeni inuyo tsopano. Kukuoneka chiyani kutsogoloko?"

Ndipo mayi uja anayamba kufotokoza, kuyambira phiri, njinga n'kuyamba kutsetsereka yokha. Ine sindinawatsatirenso. Ndinaima pamtunda pomwepo mpaka mawu awo atasiya kumveka, kungotsala belu.

Mphwawo anabwerera ku Phalombe pa basi, chingwe chake chili m'thumba, atadya nkhuku. Ntchito yanga ya thumba la chimanga inathera pomwepo, popanda notisi, ndipo sindinapite kukadandaula kulikonse. Loweruka likubwerali Anti Halima akuti pali mayi wina wa ku Nthukwa amene nayenso njinga yake ikumakhotera kumanzere.

Nanga inu, yanu ija nkhuku zikugonapo kuseri kwa nyumba, mukudikira kuti mphwanu wa ku Phalombe abwere ndi chingwe?